Timapepala ta Eliza

Leeds, England
6 Malichi 2006

Wokondedwa mlamu wanga Eliza,

Ndikudziwa chimene ukuopa ngakhale sunandiuze. Ukuopa kuti mwana wanyamulayu adzapita njira imene anapita woyamba uja. Inenso ndikuopa zomwezo, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba m'malo moimba foni. Foni ya pakhomopo amasunga ndi Ada, apongozi ako aamuna, ndipo ndikaimba nthawi yonse imathera pa nkhani ya denga la tchalitchi. Ndalemba m'Chichewa dala, osati m'Chitonga chathu, kuti uwerenge wekha, wina asakumasulire mosiya zina.

Moni kaye. Muli bwanji nonse ku Chintheche? Ada ndi Ama ali bwanji, nanga mwamuna wako Golden, mlongo wanga wosamva uja? Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizirabe. Ama ndiwo anandiuza kuti uli ndi pakati pa miyezi inayi. Anachita kunong'ona.

Mlamu, ndagwira ntchito ya uzamba zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, kwathu ndi kuno. Mwana wako woyamba anali ndi makilo oposa anayi ndi theka, anakanirira pobadwa n'kumwalira. Ndinamva kuti amayi ena anakupanikiza kuti utchule mwamuna amene unayenda naye, ati ndicho chinamanga mwana. Ndinali kutali, sindinakuyankhulire, ndipo zimandipweteka mpaka lero. Sunalakwe chilichonse. Chimene ine ndikukayikira ndi matenda a shuga amene amabwera ndi pakati.

Ndikufotokozere. Chimene timadya, kaya kondowole, mpunga kapena mbatata, chimasanduka shuga m'magazi. Thupi lili ndi mankhwala ake achibadwa amene amachotsa shugayo m'magazi n'kumulowetsa m'minofu kuti tipeze mphamvu. Mayi akakhala ndi pakati, nsengwa, chija chimadyetsa mwana m'mimba n'kutuluka pambuyo pake, imafooketsa mankhwalawo. Amayi ambiri thupi lawo limalimbana nazo bwinobwino. Ena shuga amatsalira m'magazi n'kumapita kwa mwana tsiku ndi tsiku. Mwana amanenepa mapewa ndi mimba. Tsiku lobadwa mutu umatuluka, mapewa n'kukana. Choopsa n'chakuti mayi samva kupweteka paliponse. Popanda kupima palibe angadziwe.

Kusikelo mwina anakupimapo mkodzo. Ndi bwino, koma mkodzo umabisa amayi ambiri amene shuga wawo wakwera. Zipatala zina zimayamba ndi kufunsa: kodi unabalapo mwana wamkulu kwambiri, unatayapo mwana pobereka, kwanu alipo wa shuga? Amene wayankha inde ndiye amamupima magazi. Zina zimangopima mayi aliyense osafunsa, ndipo madokotala amakanganabe kuti njira yabwino ndi iti. Mkanganowo sukukhudza iwe, chifukwa pa mafunso atatuwo awiri wayankha kale inde.

Kupima kwenikweni kuli motere. Ukadya madzulo, usadyenso kapena kumwa chilichonse kupatula madzi. M'mawa amakutenga magazi, amakupatsa madzi otsekemera kwambiri m'kapu kuti umwe, umakhala pabenchi maola awiri osayendayenda, n'kukutenganso magazi. Akufuna aone ngati thupi lako latha kuchotsa shuga amene wamwayo. Nthawi yabwino ndi mimba ikafika miyezi isanu ndi umodzi. Kwa iwe ndi mwezi wa Meyi. Ndafunsa anzanga, ati ku Mzuzu kuli malo amene amapima motero. Akaupeza shuga, mankhwala oyamba ndi kusintha kadyedwe, ndipo ambiri amabereka bwino.

Uuze Golden akuperekeze. Undiyankhe, ngakhale mizere itatu.

Ndine mlamu wako,
Idesi

Kande
14 Meyi 2006

Asisi,

Mwe uli? Kuno tili bwino tonse. Eliza wati ndiyankhe ndine poti iye dzanja lake ndi loipa. Ndikulemba ndili m'khitchini kuno ku loji, nyemba zili pamoto, ndiye mukaona mafuta papepala musadabwe.

Ku Mzuzu tinapita Lachiwiri lapitali monga munalamulira. Koma sizinayende.

Eliza anachita zonse bwino, chidyereni madzulo sanalawe kanthu. M'mawa tikuti tizinyamuka, Ama atulukira ndi bakuli la phala la mpunga. Eliza akuti, "Ama, alamu anati ndipite osadya." Ama akuti, "Mayi wapakati akwere minibasi mapiri onse aja m'mimba muli mphepo? Akakomoka pa Nkhata Bay adzamunyamula ndi Idesi wakoyo?" Ine ndinayesa kulowererapo, ananditi, "Iwe unabalapo angati?" Anaima pakhomo, bakuli lili m'manja. Mukuwadziwa Ama. Ndipo mukudziwa kuti mkamwana sangabweze chakudya chochokera m'manja mwa apongozi ake anthu akuona. Anamwa.

Titafika, mkulu wopima magazi anafunsa, "Mayi, mwadya liti komaliza?" Ndinayankha ndine kuti dzulo, lero wangomwa phala basi. Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Achimwene, phalalo linali ndi shuga?" Ndinati masipuni atatu okha. Anati, "Inu ndinu khukhi, eti? Nyama yothira kale mchere mungailawe kuti mudziwe ngati ili ndi mchere wakewake?" Anthu pabenchi anaseka, Eliza anangowerama. Anatiuza mwaulemu kuti tidzabwere tsiku lina.

Tsiku linalo ndiye vuto, Asisi. Alendo ayamba kuchuluka, mathiraki aja a azungu ogona m'matenti akubwera awiriawiri. Abwana anandipatsa tsiku limodzi movutikira, lachiwiri sindingayerekeze kupempha mpaka Ogasiti. Eliza yekha Ada akana, ati mkazi wa pakhomo pawo sayenda yekha ulendo wotero.

Komanso ndinene zoona, kalata yanu sinawakomere Ama. Eliza atawafotokozera, iwo anamva ngati mukuti mwana woyamba uja anaphedwa ndi chakudya chawo. Analira. Akuti ana asanu ndi awiri anabala akudya kondowole yemweyu, inu mmodzi mwa iwo.

Musade nkhawa kwambiri. Eliza akuoneka bwino kuposa kale, wanenepa, masaya abwerera. Nthawi ija anthu ankati ndinalephera kumudyetsa, ulendo uno palibe anganene. Ndikamapita kunyumba ndimamutengera makeke otsala a alendo ndi madzi a zipatso a m'botolo. Kusikelo akuti mimba yakula bwino, mpaka wina anafunsa ngati ali mapasa.

Mukapeza wobwera kuno munditumizireko nsapato zosaterera za m'khitchini, sayizi naini.

Mlongo wanu,
Golden

Leeds
3 Juni 2006

Okondedwa Golden ndi Eliza,

Moni nonse. Kalata ya Golden yafika dzana, yayenda pafupifupi masabata atatu. Ndinaiwerenga m'basi popita kuntchito, ndipo nditafika pa makeke aja ndinapitirira posikira.

Golden, sindikukukalipira. Ndikudziwa kuti makekewo ndi chikondi. Koma leka lero. Mimba imene anthu akuti ndi mapasa, mwa mayi amene anataya mwana wa makilo anayi ndi theka, si nkhani yosangalatsa kwa mzamba.

Popeza ku Mzuzu kwakanika ndipo mwezi wabwino uja wadutsa, tiyese njira ina. Mnzanga Mavis, namwino wa kwathu konko, akubwera kudzaona amayi ake ndipo afika Loweruka likudzali. Ndamupatsira phukusi. Muli kamakina kopimira shuga, tisingano makumi asanu ndi timapepala makumi asanu. Kapepala kamodzi kamagwira ntchito kamodzi, kasingano chimodzimodzi. Kamakinaka sikalowa m'malo mwa kupima kwa madzi otsekemera kuja, koma katiuza zambiri.

Eliza, uzichita chonchi. Usambe m'manja, ulowetse kapepala m'makina, ubaye m'mbali mwa chala, ugunditse dontho la magazi kunsonga ya kapepala. Nambala ituluka yokha. Uzipima kawiri pa tsiku, m'mawa usanalawe kanthu, ndiponso pakatha maola awiri utadya chakudya cha masana. Timapepala tikwanira masiku makumi awiri ndi asanu. Uzilemba nambala iliyonse m'kope. Ya m'mawa isapitirire 5.5, ya utadya isapitirire 7. Zikapitirira kangapo, utenge kopelo pamodzi ndi kalata ya Chingerezi imene ndaikamo upite nazo kuchipatala. Wachipatala akaona manambala a masiku ambiri amadziwa chochita, ndipo angakutumize kukaberekera kumene angathe kuchita opaleshoni pakafunika. Kupima kamodzi sikuthandiza, chifukwa shuga amakwera ndi kutsika tsiku lonse. Timafuna kuona mayendedwe ake.

Pakudya, sindikuti usiye kondowole. Uchepetse, mtanda wofanana ndi chibakera chako, uchulutse usipa, chigwada, nyemba ndi mazira. Tiyi wopanda shuga. Ukadya uziyendako pang'ono, ngakhale kukafika kumsewu n'kubwerera.

Muwauze Ama kuti sindinanene kuti chakudya chawo chinapha mwana. Matupi amasiyana. Iwo thupi lawo linkatha kulimbana ndi shuga, la Eliza mwina likuvutika. Palibe wolakwa pamenepo.

Paphukusipo ndalemba dzina la Ada, poti sichingakhale chaulemu katundu kulowa pakhomo pawo n'kuwadumpha. Koma zonse ndi za Eliza, kupatula nsapato.

Wanu,
Idesi

Chintheche
26 Juni 2006

Mwana wanga Idesi,

Timuwoneni. Ine ndi amayi ako tili moyo mwa chisomo cha Mulungu, ngakhale mwera wa chaka chino watilowa m'mafupa. Ndikulemba m'Chichewa monga wayambira iwe, kuti mkamwana wanga akafuna kuwerenga aone kuti sitimunena.

Phukusi linafika bwino m'manja mwa Mavis. Ndinawerenga kabuku ka malangizo kawiri konse. Zaka makumi atatu za uphunzitsi sizinapite pachabe, pofika tsiku lachitatu ndinali nditadziwa makinawo. Ndinayamba ndi ine mwini, 6.1. Amayi ako 5.8.

Mkamwana anabwera kudzagwada n'kunena kuti makinawa unatumizira iye yekha, ati adzibaye kawiri pa tsiku mpaka timapepala tithe. Ndinamuuza kuti mwina sanamve bwino. Munthu mmodzi kubayidwa kamakumi asanu, walakwa chiyani? Ndiponso mwana amene ndinalera ine sangatumize chinthu chotere kwa munthu mmodzi pamene mudzi wonse ukudandaula miyendo ndi maso. Dzina paphukusi linali langa, ndipo ndinamva chimene unatanthauza.

Choncho Lamlungu tikuchokera ku mapemphero ndinaitana akulu a mpingo kunyumba. Tinayamba ndi pemphero. Ndinapima mwadongosolo, akulu kaye, kenako akazi awo, Lamlungu linalo abale anga ndi a amayi ako. Kasingano kalikonse kamodzi, n'kutaya m'chimbudzi, monga kabuku kanenera. Timapepala tinayi tinaonongeka pophunzira.

Tsono imva ntchito ya Mulungu. Ada Enos Chirwa, mlembi wa mpingo, amene wakhala akuonda chaka chonse anthu n'kumanena zonenanena, makina anaonetsa 19.2. Kabuku kanati nambala yotere ndi yothamangira kuchipatala. Tinapita nawo m'mawa mwake, achipatala anatsimikiza kuti ndi shuga, ndipo anati chilonda cha kuphazi chija chikanawadulitsa mwendo. Pano ali pa mankhwala. Akazi awo anabwera ndi nkhuku, akulira. Dzina lako linatchulidwa m'tchalitchi, anthu anaimirira. Ndinakumbuka amene ankati unathawa odwala a kwanu kukasamala azungu, ndipo ndinawayang'ana mmodzimmodzi.

Mkamwana sitinamuiwale. Masiku onse awiri anali wotanganidwa ndi tiyi wa alendo, koma ndinamusungira kapepala komaliza. Alendo atapita ndinamuitana, anali atangomwa tiyi wake. Anapezeka ndi 9.4. Sanafike ndi theka lomwe la Ada Enos. Choncho mtima wako ukhale pansi, ali bwino, ndipo amayi ako akumudyetsa mokwanira.

Amayi a Umanyano, bungwe la amayi a mpingo lija, adandaula kuti ambiri a iwo sanafikiridwe. Ngati kungatheke utumize timapepala tina mazana awiri.

Yewu ukongwa, zikomo kwambiri, mwana wanga.

Ine bambo ako,
Zacharia Manda

Leeds
18 Julayi 2006

Ada,

Moni. Ndikhulupirira inu ndi Ama muli bwino. Kalata yanu inafika dzulo. Ndinaimba nthawi yomweyo, munamva mawu anga, ndipo munati mwana sakweza mawu kwa bambo ake pa foni, n'kudula. Ndinaimbanso kupempha Eliza, munati ali kudambo kukavuula chinangwa. Golden ndamupeza pa foni ya ku loji, akuti aona alendo akachepa. Choncho ndikulemba, ndipo ndiyesetsa kulemba modekha.

Ndakondwa kuti Ada Enos athandizidwa. Ndikunena zoona. Koma Ada Enos akanapezeka tsiku lililonse akanapita kuchipatala, shuga wawo sabisala. Wa Eliza ndi wobisala, ndipo nthawi yake ndi yowerengeka.

Munayerekeza 9.4 ndi 19.2 monga mumachitira ndi malikisi a ana a sukulu. Sizimayenda choncho. Muyeso wa mayi wapakati ndi wina, chifukwa shuga amene munthu wamkulu angakhale naye osamva kanthu amakwanira kukulitsa mwana m'mimba mopitirira. Kodi 9.4 ija ikutanthauza kuti Eliza ali ndi shuga? Sindikudziwa, Ada. Anali atangomwa tiyi. Ikhoza kukhala tiyiyo, ikhoza kukhala matenda. Nambala imodzi siyankha. Ndicho chifukwa chake ndinatumiza timapepala makumi asanu, ndipo Eliza anabwera kudzakuuzani atagwada.

Zapita. Tsopano chatsala ndi chimodzi, ndipo ndikukupemphani monga mwana wanu. Mwezi wa Ogasiti ukangoyamba, Eliza apite kukadikirira kuchipatala chachikulu, kumene kuli dokotala wa opaleshoni. Atenge kalata ya Chingerezi ija. Asadikire kuti matenda a kubereka ayambe ali pakhomo. Ngati Golden sangachoke kuntchito, amuperekeze Ama. Ngati mukuona kuti ndakuchitirani mwano, mudzandilange ndikadzabwera, koma Eliza apite.

Ndatumiza timapepala tina pa positi. Ulendo uno ndalemba dzina la Eliza. Kiyi wa bokosi la ku positi muli naye ndinu, chonde mumupatse osatsegula.

Za amayi a Umanyano tidzakambirana mwana akabadwa.

Mwana wanu,
Idesi

Chintheche
27 Ogasiti 2006

Alamu,

Muli bwanji? Ine ndiliko. Ndalemba ndekha. Dzanja langa si loipa ngati mmene a Golden ananenera, kungoti kalata iliyonse yochoka pano imadutsa m'manja mwa apongozi. Iyi ndapatsira mayi wina wogulitsa tomato pamsika, akaponya ndi iye.

Mwana anabadwa pa 9 Ogasiti, wamkazi. Ali moyo. Ndayamba ndi zimenezo kuti musavutike powerenga.

Kuchipatala chachikulu sindinapite. Mutaimba foni tsiku lija apongozi aamuna anakhala masiku atatu osayankhula ndi ine, ati ndinakusokonezani mutu ndi madandaulo. Kalata yanu inafika pa 7, anaiwerenga n'kuipinda. Anati tidzaona sabata yamawa. Matenda anandiyamba pa 9 m'mawa ndikusinja. Tinapita kuchipatala cha pafupi.

Mutu unatuluka masana. Kenako zii, monga nthawi ija. Ndinadziwa chifukwa azamba anasiya kucheza. Mmodzi anaitana anzake, anandipinda miyendo mpaka mawondo kufika m'makutu, wina akukanikiza pachinena. Wamkulu wawo ankangoti, "Mayi, musakankhe tsopano, mverani ine." Sindikudziwa zinatenga nthawi yotani. Anamutulutsa ali bii, anamupopa mpweya, ndipo analira. Azamba aja anagwira ntchito, alamu, sindingawanene. Ine ndinang'ambika kwambiri, anandisoka, mpaka pano ndimakhalira mbali imodzi.

Sikelo inati makilo 4.8. Tsiku loyamba ankanjenjemera, anati shuga wake watsika, ankandidzutsa pafupipafupi kuti ndimuyamwitse. Mzamba wamkulu uja atawerenga m'buku langa za mwana woyamba anandifunsa, "Kodi shuga anakupimani?" Ndinati kamodzi. "Zinatuluka bwanji?" Ndinati ndinapambana a Chirwa. Sanamve, ndipo sindinafotokoze.

Dzanja lake lamanja siligwira ntchito. Limangolendewera, kachikhatho kutembenukira kumbuyo. Lamanzere amaponya, amandikanda nalo. Lamanja ndikalinyamula n'kulisiya limagwa ngati nsalu. Akuti mitsempha ya paphewa inakokeka pomutulutsa. Akuti mwina lidzadzuka, mwina ayi, ndipite naye kwa oongola mafupa.

Pakhomo pano ndi chisangalalo. Apongozi aakazi amauza aliyense wobwera kuti mdzukulu wawo anatsala pang'ono kukwana makilo asanu, ati, "Ndani ankati ndimamupha ndi chakudya?" Akamamuonetsa kwa alendo amamukulunga bwino kuti dzanja lisaoneke. Mayi wina mwa aja anandipanikiza nthawi yoyamba anasuzumira m'nsalu n'kuti, "Ameneyu wakhululuka, wangosiya chizindikiro." A Golden anali pomwepo. Anatuluka panja kukakonza njinga imene sinaonongeke.

Dzina apereka apongozi aamuna. Ati akhale Idesi, pothokoza makina amene anapulumutsa a Chirwa. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinayambe kumuitana dzinalo. Musandimve molakwa.

Timapepala tachiwiri tinafika mwana ali ndi masabata awiri. Apongozi aamuna anandipatsa osatsegula, monga munawapempha. Anaima pomwepo kudikira kuti nditsegule, kenako anati popeza ndabereka kale, amayi a Umanyano akudikira. Ndinawapatsa.

Pali funso limodzi limene ndakhala nalo kuyambira Juni. Munabadwira pakhomo pano. Mukudziwa amene amayamba kusamba m'manja ndi amene amamaliza. Munalemberanji dzina la Ada paphukusi lija?

Ndine,
Eliza

Leeds
19 Seputembala 2006

Eliza mlamu wanga,

Kalata yako ndailandira. Iyi ndatumiza kudzera kwa amayi ake a Mavis, akupatsa pamanja kutchalitchi. Mwana ali bwanji? Nanga iwe, mabala akupola?

Ndiyankhe funso lako kaye. Ndinalemba dzina la Ada chifukwa ndinkawaopa. Chichokereni kwathu anthu amati ndinadzikweza, ndipo sindinafune kuti Ada anene kuti ndayamba kuwadumpha pakhomo pawo. Ndinadziwa mmene zinthu zimagawidwira pakhomopo. Ndinadziwa, koma ndinadziuza kuti mzere umodzi wa m'kalata ukwanira. Mavis akanatha kukupatsa phukusilo kuseri kwa nyumba, Ada akanakwiya mwezi umodzi n'kuiwala. Ndinasamala mbiri yanga, ndipo wavulala ndi mwana wako. Ndakhala ndikufotokozera aliyense za shuga ngati kuti chosowa chinali kufotokoza. Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Dzinalo ngati likukulemera, umupatse lina losankha wekha, ine ndidzamuitana limenelo.

Mawu a mayi uja usawasunge. Dzanja la mwana si chizindikiro cha tchimo lililonse. Ndi mitsempha imene inakokeka kuti moyo wake upulumuke. Ana ambiri otere dzanja limayamba kudzuka m'miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yoyamba. Ena silidzuka lonse, sindikunamiza. Upite naye kwa oongola mafupa monga anakuuzira, akuonetse mmene ungamaliyendetsere tsiku ndi tsiku kuti mfundo zisaume. Usalole kuti lizikhala lokulungidwa tsiku lonse pofuna kubisa kwa alendo. Ndalembera Golden payekha za ulendowo, ndipo sindinamunyengerere.

Tsopano za iwe, chifukwa pakhomopo onse akuyang'ana mwana. Shuga wa pakati nthawi zambiri amatha nsengwa ikatuluka. Koma kwa amayi ena amatsalira, kwa ena amadzabwera patapita zaka, ndipo pa mimba yotsatira amakonda kubwereranso. Nthawi yabwino yopima ndi pakatha masabata asanu ndi limodzi chiberekereni, mpaka miyezi itatu. Kalatayi ikamafika udzakhala uli m'kati mwa nthawiyo. Sikufunika Mzuzu. Kupima kwa pachala m'mawa usanadye kukwanira poyambira, ndipo kuchipatala kumene anathandiza Ada Enos angathe kukupima. Uwapemphe alembe m'buku lako, patsamba loyamba, kulemera kwa ana onse awiri ndi zimene zinachitika pobereka. Ukadzakhalanso ndi pakati, ngati udzafune, bukulo lidzakuyankhulira kwa mzamba aliyense kuyambira tsiku loyamba la sikelo, ndipo palibe angaligawire akulu a mpingo.

Sindikulamula, ndalamula zokwanira chaka chino. Ndikungopempha. Tsiku la sikelo ya mwana likafika, udzuke, umuyamwitse, umwe madzi okha. Ama akakupatsa phala ulandire ndi manja awiri, unene kuti ukamwera konko, uthire m'botolo. Ukatha kupimitsa mwana usabwerere msanga. Ufunse khomo la kopimira magazi, ukhale pamzere, ndipo akakufunsa amene wakutuma unene kuti wabwera wekha.

Mlamu wako,
Idesi